Kunsi kwa Nyumba ya a Ozella

Mwendo umene unaboola thabwa la m'khitchini mwa a Ozella Faison unali wanga. Linali Lamulungu la mu Ogasiti, titangobwera kutchalitchi, kunja kukutentha kosati n'kuima padzuwa. Ndinkaphula mphika wa masamba ophikira limodzi ndi nyama yankhumba kuti ndikauike patebulo, ndipo nditaponda pafupi ndi sinki, pansi panangofewa. Mwendo unamira mpaka m'bondo. Thabwalo silinathyoke monga limathyokera thabwa; linangonyenyeka ngati chigumu chonyowa, popanda n'phokoso lomwe. Pabowopo panatuluka kamphepo kozizira konunkha matope a m'dambo.

A Ozella anayamba andilanda mphika, kenako n'kundizula. Zoti ndavulala kapena ayi sanafunse. Anagwada, chipewa cha kutchalitchi chidakali kumutu, n'kusuzumira m'bowomo kwa nthawi yaitali.

"Muli madzi umu, alamu," anatero motsitsa mawu. "Ndikudziona nkhope."

A Ozella ndi akazi a malemu achimwene anga a Rudell. Anabwera kwathu kuno, kunja kwa tauni ya Kinston, ali mtsikana wa zaka makumi awiri, atanyamula sutikesi imodzi ndi makina osokera a amayi awo. Nyumba imene analowamo anamanga ndi bambo athu. Ndi yamatabwa, yokhala pa zipilala za njerwa monga nyumba zonse za mumsewu muno, kunsi kuli mpata woti munthu n'kukwawamo chafufumimba. Bambo atamwalira, nyumbayo pamodzi ndi munda wa kuseli kwake zinapita kwa achimwene, ine n'kutenga kamalo ka tsidya lina la msewu. Choncho moyo wathu wonse takhala moyang'anizana makonde.

Zaka zoposa makumi atatu alamu anagwira ntchito kufakitale yodula nkhukundembo, ataimirira m'chipinda chozizira mpeni uli m'manja, mpaka zala zinapindika. Mpeni utawakanika, anakayamba kuchapa zofunda kunyumba yosungirako okalamba. Sanali munthu wa nkhani zambiri, ndipo kutchalitchi sanafunepo udindo. Ulemu wawo unali pa zinthu ziwiri: zipewa, zimene ankasunga chilichonse m'bokosi mwake pamwamba pa kabati, ndi ukhondo. Khitchini ankaikolopa m'mawa ndi madzulo ndi mankhwala oyeretsera oluma m'maso. Mlendo aliyense ankavula nsapato pakhonde, ngakhale abusa. Tsiku lina anabweza mkazi wa dikoni ndi mbale yake ya nkhuku, ati anaona tsitsi la mphaka pansalu yovundikira. Anthu ankawaopa pang'ono, koma mwana akadwala m'mudzi muno, oyamba kufika ndi msuzi anali iwo.

Achimwene anali makaniko, munthu wofatsa amene ankayankha ndi mutu. Loweruka masana ankavala ovololo n'kulowa kunsi kwa nyumba kudzera pakachitseko ka kuseli. Ukawafunsa ankati akukaona mapaipi. Tonse tinazolowera. A Ozella amaopa njoka kuposa china chilichonse, kotero pakachitsekopo sanasuzumirepo n'kamodzi komwe. Ankangolalata za matope n'kuwauza kuti ovololoyo azivulira panja. Achimwene anamwalira ndi matenda a m'mapapo. Madokotala anati ndi fodya, ngakhale kuti anali atasiya kusuta mwana wawo yekhayo, Renita, adakali kupulayimale.

Chaka choyamba cha umasiye wa alamu palibe chinaoneka. Chachiwiri, zitseko zinayamba kukana kutsekeka. Nsapato za m'kabati zinamera chuku. Itadutsa mvula yamkuntho ya mu Seputembala, anatsegula bokosi la chipewa chawo choyera cha pa Isitala n'kuchipeza chitabiriwira. Sanauze munthu. Anaganiza kuti ukalamba wayamba kuwachititsa uve, ndiye anangowonjezera kukolopa. Anayambanso kachifuwa kosatha, kamene ankati n'ka mankhwala ochapira aja. Chaka chachitatu ndi chimene mwendo wanga unamira.

Renita ndi nesi mumzinda wa Raleigh. Atamva, anafufuza kampani yokonza kunsi kwa nyumba, ndipo Lachitatu kunabwera bambo wina dzina lake Strickland, mzungu wamfupi wonenepa moti ndinkakayika ngati akwane pakachitseko. Anavala chovala choyera cha thupi lonse, masiki kumphuno, tochi pachipumi, n'kulowa. Ife tinakhala pakhonde la kuseli ndi tiyi wozizira. Madzi oundana a m'matambula anasungunuka, munthu osatuluka. Alamu anayamba kunena kuti mwina walumidwa. Pamene ankatuluka, chovala chija chinali chakuda mpaka m'khosi. Anakhala pamasitepe, n'kuvula masiki, n'kupempha madzi akumwa. Atamwa anafunsa:

"Mayi, amuna anu ankagwira ntchito yanji?"

Alamu anati anali makaniko. Bamboyo anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa zimene amayembekezera, n'kutulutsa foni kuti ationetse zithunzi.

Poyamba sindinazindikire chimene ndikuona. Mitanda ikuluikulu yonyamula matabwa a pansi inali yakuda, ina itamera zoyera ngati thonje. Madzi anali ndenge paliponse. Zipilala za bambo, zingapo zinali zitagwa, njerwa zili mbwee m'matope. Ndipo m'malo mwa zipilalazo munali majeke. Majeke a galimoto. Ang'onoang'ono a m'buti, akuluakulu a malole, ofiira, achikasu, ena odyeka ndi dzimbiri, aliyense ataikidwa pachidutswa cha simenti, mizeremizere kuchokera kukhitchini mpaka kuchipinda chogona. A Strickland anati anayamba kuwerenga koma anasiyira panjira. Anati akhala akukwawa kunsi kwa nyumba za anthu kuyambira ali mnyamata, aonako njoka, mafupa a agalu, ngakhale mabotolo a kachasu obisidwa, koma nyumba yokhala pa majeke anali asanaionepo. Kupatula m'makona, nyumba yonse inkatsamira pa zitsulo zimenezo.

Anafotokoza modekha. Malo athu ndi otsika, madzi a m'dambo amatulukira pansi, ndipo m'chilimwe mpweya wachinyezi umalowa pa timabowo ta m'makoma n'kukanyowetsa mitanda. Mtanda ukamwa chinyezi zaka zambiri umaola. Panali munthu amene ankapopa madziwo ndi kapampu kakang'ono, mtanda ukayamba kutsika n'kuuchirikiza ndi jeke, n'kumabwera kawirikawiri kudzakwezako pang'ono. Kapampuko anakapeza katafa kalekale. Kuyambira pamene munthuyo anasiya kubwera, madzi anangokhala, majeke n'kumamira.

Kenako anati tisamalowetse anthu ambiri m'nyumbamo, makamaka pabalaza. Ine ndi alamu tinayang'anizana. Tsiku la maliro a achimwene nyumba inadzaza mpaka m'kachipinda ka zovala, ndipo kwaya yonse inaima pabalaza pomwepo, kuimba ndi kupondaponda mpaka zithunzi za kukhoma zinkagwedera. Tinkati ndi mzimu.

Mtengo anaunena ali chiyang'anire pansi. Kuchotsa majeke, kuika mitanda yatsopano ndi kumanga zipilala, madola 12,000. Kukumba ngalande mkatimo, kuika pampu yodziyatsa yokha, kuyala pulasitiki wokhuthala pansi ponse ndi m'makoma, kutseka timabowo ta mpweya ndi kuika makina oyamwa chinyezi, madola 11,000. Anati kuchita choyambacho n'kusiya chachiwiri ndi kutaya ndalama, chifukwa mitanda yatsopanoyo idzaolanso chimodzimodzi.

Alamu anafunsa ngati ndalama zachiwirizo n'zongoyalira pepala pamalo pamene palibe adzapaone. Bamboyo anavomera kuti tikhoza kutero.

"Apongozi anga anamanga nyumba yonseyi ndi ndalama zosakwana kugula firiji ili m'khitchinimo," anatero alamu. "Zikomo bambo, muyende bwino."

Galimoto itangotuluka pageti anati munthuyo ndi mbava ya mawu ofewa. Anaitana makampani ena awiri. Woyamba anatchula mtengo woposa pamenepo. Wachiwiri anaunika ndi tochi ali pakachitseko, ataona majeke anabwerera chambuyo n'kunena kuti ali ndi ana, salowa. Anaimbira a inshuwalansi, amene anawalipira mwezi ndi mwezi osaphonya kuyambira ukwati wawo. Mayi wa pafoniyo anawauza mwaulemu kuti iwo amalipira moto, mphepo kapena mtengo ukagwera denga, osati kuola kobwera pang'onopang'ono. Kubanki anati ngongole angapereke, koma nyumba ikhale chikole. Alamu anali ndi zaka 69, ndalama yolowa inali ya penshoni yokha. Anawauza kuti ngati nyumbayo igwe, igwe ili yawo.

Masiku amenewo ankayenda m'nyumba motsatira khoma, ngati munthu woopa kudzutsa mwana. Pabowo paja anaikapo chitseko chakale. Koma kukolopa sanasiye.

Renita anabwera Loweruka. Tinakhala pakhonde chifukwa iye anakana kuti tonse atatu tikhale pamalo amodzi mkatimo. Maganizo ake anali oti amayi ake agulitse zonse, nyumba ndi munda, akakhale naye ku Raleigh. Alamu anati iwo si katundu wokaika m'chipinda cha alendo. Anati nyumbayo inalibe vuto mpaka chaka chatha pamene fungo linayamba. Apo Renita anavula magalasi n'kuwaika pamiyendo.

"Amayi, fungo limeneli silinayambe chaka chatha. Ine ndinakulira momwemo. Kusukulu ankanditcha Dambo. Ndikakhala m'basi, anzanga ankatsegula windo."

Alamu anamuyang'ana ngati wayankhula chilankhulo china. Renita anapitiriza. Anati malaya ake ankawasiya kwa mnzake n'kukavalira komweko. Mphumu imene inkamugoneka kuchipatala chaka ndi chaka inatha mwezi woyamba umene anakhala kukoleji, ndipo sinabwererenso. N'chifukwa chake akabwera kudzacheza amabwerera tsiku lomwelo. Nkhani ya ntchito yochuluka inali yongonamizira.

Ndinadabwa nanenso. Ine ndinabadwira m'nyumba imeneyo, ndipo kwa ine ndi mmene kwathu kunkamvekera m'mphuno, basi. Koma alamu zinawalasa pena. Munthu amene anathera manja pa ndowa ndi chikolopa, amene ankabweza mbale za anthu pakhomo, mwana wake ankasekedwa kuti akununkha. Anafunsa chifukwa chake sananene.

"Ndikananena mukanangokolopa katatu," anayankha Renita.

Akanalekera pomwepo. Koma anawonjezera kuti iye sanganene motsimikiza, ndipo palibe dokotala angatsimikize tsopano, koma munthu amene wapuma chuku chimenecho Loweruka lililonse kwa zaka zonsezo, mapapo ake... Sanamalize. Alamu ananyamuka n'kumuuza kuti ayambepo ulendo kusanade.

Lolemba m'mawa anandiitana. Ndinawapeza kuseli atavala ovololo ya achimwene, miyendo yake atamanga ndi zingwe m'akakolo kuopa njoka, mpango kumutu, magolovesi otsukira mbale m'manja. Ndinayesa kuwaletsa. Ndinawakumbutsa za mawondo awo, za chifuwa, za bambo uja amene anakana kulowa. Anandipatsa foni yawo.

"Mukamva ndikukuwa, itanani ambulansi. Koma inuyo musalowe, alamu, mungatseke khomo."

Anagona chafufumimba n'kuyamba kukwawa, mayi amene akaona chingwe m'udzu ankathawira pagalimoto. Ndinkangomva kupuma kwawo ndi madzi akuchita phwava phwava. Kenako zii. Ndinaitana, anayankha kuti ndisawasokoneze. Anakhalamo nthawi yaitali kuposa a Strickland.

Atatuluka anakhala paudzu, matope kumaso konse, n'kuyamba kundiuza zimene zithunzi sizinaonetse. Achimwene anali atayala makapeti akale a m'galimoto kukhala njira yokwawamo, yokhala ndi mphambano zopita kuchipinda chilichonse. Jeke aliyense anali wopakidwa girizi. Pamtanda wina anakhomapo misomali yopachikapo masipanala. Ndipo pafupi ndi kapampu kaja panali chitini cha penti chodzaza ndi timabotolo totha ta mankhwala opopera m'kamwa. Mankhwala amenewo achimwene anayamba kulandira chaka chawo chomaliza, nthawi imene sankatha kukwera masitepe a pakhonde osapumira pakati. Ndiye kuti ngakhale pamenepo ankalowabe, alamu akapita kuntchito.

Ine misozi inali itayamba kale. Ndinkayembekeza kuti alamu aliranso. Koma anavula magolovesi n'kuwaponya paudzu.

"Mchimwene wanu anali wabodza," anatero.

Ndinawaikira kumbuyo achimwene. Ndinati sankafuna kuwadetsa nkhawa, kuti ndalama zonse zinkapita kusukulu ya Renita, kuti mwina anafunsapo mtengo kale n'kuona kuti sangathe. Alamu anati zonsezo akuzidziwa. Anakweza manja awo opindika aja kuti ndiwaone.

"Theka la ndalama za pakhomo pano linkabwera ndi manja awa. Ndinali ndi pakamwa, ndinali ndi mutu. Akanandiuza tikanagawana mavutowo, mwina tikanasamuka mwana asanayambe kubanika. Koma anandisiya ndizipukuta pamwamba ngati chitsiru, iye akufera pansi."

Mwezi umenewo kumanda sanapiteko, chikhalirecho ankapita Lamulungu lililonse ndi maluwa.

Za munda sanandiuze. Ndinangoona m'mawa wina anthu oyeza malo akuzika tizikhomo ta nsalu zofiira kuseli kwa nyumba yawo, ndi galimoto ya a Kornegay itaima pamsewu. A Kornegay ndi mlimi wamkulu wa mbatata amene minda yake yatizungulira mbali zonse. Mundawo anaufuna kuyambira kale, ndipo achimwene ankangowapatsa moni n'kuwakana. Ndinawoloka msewu ndili ndi zovala zogonera.

Munda umenewo si waukulu. Koma bambo anaugula atalima fodya m'munda mwa mzungu zaka zambiri, theka la zokolola n'kumapereka kwa mwini malo, pa nthawi imene munthu wakuda kumugulitsa malo kunali kovuta. Anadzalamo mitengo ya pekani m'malire monse, ndipo mtedza wake tadya ife, ana athu ndi adzukulu. Zonsezi ndinawauza alamu ngati sakuzidziwa. Anandimvetsera ataima pakhomo, manja ali m'thumba la epuloni. Anati ali ndi zinthu ziwiri, nyumba ndi munda, ndipo m'munda sangagonemo. Anati akanakonda kugulitsa kwa ine ndikanakhala ndi ndalama, koma tonse tikudziwa kuti ndilibe. Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti n'zosavuta kugulitsa thukuta la bambo a eni ake kwa munthu amene anabwera ndi sutikesi imodzi.

Anangotseka chitseko, ndipo poti chinali chotupa ndi chinyezi, anachita kuchikankha ndi phewa.

Kuyambira Okutobala sitinayankhulane. Ntchito ndinkaionera pakhonde panga. Anaitana a Strickland omwe aja, ati pa onse atatu ndi okhawo amene anadetsa zovala. Anabwera ndi anthu awo, n'kuyamba kutulutsa majeke limodzilimodzi pamene akumanga zipilala. Ankawaunjika paudzu wa kumaso, muluwo n'kumakula ngati chulu. Magalimoto odutsa ankachepetsa liwiro. Amuna a kutchalitchi ankabwera kudzauzungulira manja ali kumbuyo, ndipo amene anagwirapo ntchito ndi achimwene ankazindikira ena: ili linali la kugalaja imene inatsekedwa ija, ili la basi yakale ya sukulu. Ena ankati Rudell anali ndi nzeru zoopsa, ena ankati anali wamisala, kuti akanapha kwaya yonse. Mkanganowo unafika mpaka m'kalasi ya Baibulo, abusa anachita kuuletsa.

Ntchito ili mkati, anapeza chiswe m'mtanda wa pansi pa khoma la kuchipinda. Mtengo unakwera ndi madola ena 4,000. Ndalama za munda zinali zitatha, ndiye galimoto ya achimwene, imene alamu ankaitsuka mwezi ndi mwezi ngakhale sadziwa kuyendetsa, inapita. Majeke anagula ndi wa zitsulo zakutha, poyeza pasikelo. Ndinamva kwa Renita kuti ndalama yake inangokwana kugula zakudya za sabata imodzi.

Anthu atachoka, nyumba inayamba kuuma, ndipo kuumako kunabwera ndi zake. Matabwa a pansi anafota, n'kusiya mipata yoti ndalama yachitsulo n'kugweramo. Zitseko, zimene achimwene ankazipala pang'onopang'ono zikatupa, tsopano zinachepa. Kuwala kunkalowa m'mbali monse ndipo cha kubafa sichinkagwira loko. Matabwa ankalira ngati munthu akuthyola nkhuni. Alamu anaimbira a Strickland kuti nyumba ikugwa, iwo n'kuwauza kuti ayi, ikungotaya madzi amene inamwa zaka zonsezo. Bilu ya magetsi inakwera chifukwa cha makina aja. Alamu anabwerera kuntchito yochapa zofunda masiku awiri pa sabata, akuchapira okalamba ena ocheperapo kwa iwo. Koma chifuwa chija chinatha, ndipo pa Khirisimasi Renita anagona masiku atatu. Ndinaona galimoto yake m'mawa uliwonse.

A Kornegay anadula mitengo ya pekani mu Januwale. Macheka anayamba kulira m'mawa, ine ndinatseka makatani. Posakhalitsa ndinamva kugogoda. Anali alamu, atavala jekete la achimwene. Anati pawindo la khitchini yawo zonse zikuonekera ndipo sangathe kuyang'ana. Ndinawapatsa mpando. Tinakhala pamenepo, mtengo ukagwa makapu n'kumagwedera m'kabati. Za sutikesi palibe anazitchula, tsikulo kapena pambuyo pake.

Macheka atasiya masana, anandiuza kuti ndiwatsate. Tinawoloka msewu n'kuzungulira kuseli. Kumene kunali mitengo kunali thambo lokhalokha, mpaka nyumba ya a Kornegay inkaonekera patali. Alamu sanayang'aneko. Anagwada pakachitseko, kamene tsopano kanali katsopano, kokhala ndi labala m'mbali ngati chitseko cha firiji, n'kutsegula, n'kuyatsa getsi.

Ndinalowetsa mutu. Munali moyera mbee kuyambira pansi mpaka m'makoma, mowala, mouma, zipilala zatsopano zitakutidwa bwinobwino, makina akung'ung'udza pakona. Munalibe fungo lililonse. M'nyumba monse munalibe chipinda chokongola ngati chimenecho, ndipo munthu sakanatha n'kukhalamo tsonga.

"Munda wa bambo anu ndi umenewu," anatero alamu. "Uoneni bwino."

Ndinauona. Mpaka lero sindidziwa ngati anachita bwino kapena ayi. Anazimitsa getsi, ndinawathandiza kudzuka, n'kubwerera kwanga kukamwa khofi.

Titalowa, anaima pakati pa balaza langa jekete asanavule. Anakweza mphuno, n'kutembenukira kukhitchini, kenako kuchipinda. Anapondaponda pansi pafupi ndi khoma. Ndinawafunsa kuti chavuta n'chiyani. Anazengereza, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

"Alamu, musakwiye. Chiumire nyumba yanga, mphuno yatseguka. Muno mukumveka."

Nyumba yanga inamangidwa pambuyo pa yawo, koma dothi lake ndi lomwelo, dambo lake ndi lomwelo. Amuna anga anachoka ana ali aang'ono, ndipo sindikumbukira munthu womaliza kulowa kunsi kwake. Ndinakhala pampando kapu ili m'manja. Ndinaganiza za kabati ya m'chipinda imene chitseko chake chinayamba kutseguka chokha chilimwe chatha. Kamalo kanga kamathera pampanda. Kuseli kulibe choti ndingagulitse.

Nambala ya a Strickland anandilembera, ili pafiriji. Sindinaimbe. Alamu akuti ndisataye ndalama yoitanira munthu ndisanadziwe. Alowa okha ayambe aona, kuti ngati nkhaniyo ili yoipa ndiimve kwa wachibale. Lamulungu lililonse tikamabwera kutchalitchi amandifunsa kuti alowe liti, ine ndimati kukayamba kufunda. Panopa mapichesi a pakhomo panga ayamba kale maluwa.